Galimoto Imene Sindinkafuna Kugulitsa

Pa Milange pano palibe munthu anandigonjetsapo pa mtengo. Funsani ogulitsa mbuzi kuseri kwa msika, funsani osintha ndalama pa malire, funsani amene amawoloka ndi njinga kuchokera ku Muloza m'mawa uliwonse. Ndinagulapo nandolo kwa munthu amene anali atalumbira kuti chaka chimenecho sagulitsa, ndipo pochoka anandithokoza. Ndinagulitsapo njinga yopanda mabuleki kwa mphunzitsi wa masamu. Mawu amenewa ndinkawanena mokweza, pakamwa pasanadutse n'kadontho ka mowa komwe, mpaka chaka chimene ndinagulitsa galimoto yanga.

Inali galimoto yakale, yoyera, ya dizilo, ija yokoka ndi mawilo onse anayi. Ndinaigula kwa wansembe wina wokalamba amene ankabwerera kwawo kutsidya kwa nyanja. Tinakambirana masiku atatu. Tsiku lachitatu wansembeyo anakweza manja onse awiri nati, "Mwana wanga, tenga makiyi, ndisanachimwe." Ndinaiyendetsa kuchoka pa mishoni ndikuimba nyimbo ya ku tchalitchi kwawo komweko.

Kusamala kwake ndinasamala, izo ngakhale adani anga angavomere. Loweruka lililonse inkasambitsidwa pansi pa mtengo wa mango pakhomo panga, mpaka kunsi komwe kumene munthu sayang'anako. Oyilo ndinkasintha asanade. Mipando ndinaiveka nsalu, ndipo munthu wodya nzimbe ankadziwa kuti ayenda wapansi. Inali ndi zaka zambiri kuposa mwana wanga woyamba, koma ukaliza injini m'mawa inkayankha kamodzi, osatsokomola. Akazi anga ankaitchula kuti mkazi mnzawo. Ankati, "Mukanandisamala ine chonchi, bwenzi pano ndikadali namwali."

Ntchito yathu, ine ndi iyo, inali msewu wa ku Molumbo. Nthawi ya chilimwe aliyense amautha msewu umenewo, ngakhale wa kagalimoto konyezimira ka m'tauni. Koma mvula ikagwa kawiri katatu, pamatsala oyenda pansi, a njinga, ndi ife. Ndinkanyamula nyemba, chimanga, nandolo, malata, akwati, odwala, nthawi zina ndi maliro omwe. Ukafika pa matope oopsa unkaima, n'kutsika, n'kupita ku mawilo akutsogolo kukapotokola timaloko tiwiri tili pakati pa wilo. Ukabwerera m'kati, matope ali m'mawondo, unkakoka kagiya kakang'ono kali pambali pa giya wamkulu. Pamenepo galimoto inkasintha mawu. Inkayamba kubuula pansipansi ngati ng'ombe yokoka ngolo, n'kumakwawa, n'kumakwawa, mpaka kutsidya. Anthu akumbuyo ankaombera m'manja, ine n'kumakhala ngati sindikumva. Kubuula kumeneko ndimakumvabe nthawi zina ndikakhala chete.

Chimene chinatilekanitsa si injini, ndi maso anga. Anayamba ndi kankhungu, ngati kamene kamatsika ku phiri la Tumbine m'mawa wa mwezi wozizira, koma kanga sikankachoka dzuwa likakwera. Kuchipatala anati ndi shuga, wafika m'maso. Ine ndinati msewu wa ku Molumbo ndimaudziwa ndi msana, maso ndi ongothandizira.

Tsiku lina m'mawa tikuchokera kumunda, akazi anga ali pambali panga, ndinaona chulu m'mphepete mwa msewu. Ndinati ndichidutse pafupi. Chulucho chinalumpha n'kugwera m'ngalande. Anali munthu, atakweza matumba atatu a makala pa njinga. Sanavulale, anangonditukwana m'Chilomwe, m'Chipwitikizi ndi m'Chinyanja, motsatizana bwino lomwe. Ndinamuthandiza kutola makala. Titafika pakhomo akazi anga anatsika, natseka chitseko pang'onopang'ono monga ndinawaphunzitsira, kenako anati, "Abambo, gulitsani."

Munthu wamalonda sakana pamaso. Ndinati, "Mwanena zoona, mayi. Mawa lomwe ndilemba chikwangwani." Ndipo ndinalembadi, pa katoni, n'kuika pa galasi lakutsogolo. Koma mumtima ndinali nditakonza kale njira. Makiyi ndinali nditasiya kuwagwiritsa ntchito pamsewu, zimenezo ndinavomera. Chimene sindikanatha n'kudzuka m'mawa n'kupeza pansi pa mango palibe kanthu. Ndinkangofuna ikhalepo, ndiziisambitsa, ndiziiliza, ndizikhala m'kati mwake mvula ikamagwa.

Kuti mumvetse njira yanga, muyenera kudziwa mmene timagulitsirana kuno. Mtengo woyamba ndi moni chabe. Palibe amauyankha kuti inde. Wogula amaseka, amanyoza katunduyo, amatchula wake wochititsa manyazi. Iwe umagwira pamtima n'kutchula ana ako. Iye amatembenuka kumapita, iwe umamulola ayende mapazi khumi, n'kumuitana. Mumatero mpaka mutakumana pakati, nonse mukudandaula kuti mwaberedwa. Koma pali lamulo limodzi limene ngakhale wakuba amalisunga: ukatchula mtengo anthu akumva, wogula n'kuvomera n'kukupatsa dzanja, nkhani yatha. Ukabweza mawu, mawa lake palibe angakugulitse ngakhale dzira. Ndiye ine ndinati ndizitchula mtengo wothamangitsa, woti munthu asakhale ndi poyambira kutsitsa, angopukusa mutu n'kumapita.

Woyamba kubwera anali bambo wina wa kutsidya, ku Malawi, wa magalasi akuda, atatenga makaniko wake. Anamenya matayala ndi nsapato. Ndinamva ngati wamenya ine m'ntchafu. Makanikoyo analowa kunsi, anakhalako nthawi yaitali, natuluka akumwetulira, ndipo ndinadziwa kuti zinthu zaipa. Pamenepo ndinachita chimene sindinachitepo chibadwire: ndinayamba kunyoza katundu wanga.

"Imamwa oyilo iyi, bwana," ndinatero. "Ikatentha imazima yokha. Usiku nyali zake zimaona pafupi ngati mwini wake."

"Nanga mukuigulitsa zingati?"

Ndinatchula mtengo wa magalimoto awiri. Anavula magalasi aja kuti andione bwino, kenako anapita osatsanzika. Atachoka ndinapita kukapukuta pamene nsapato yake inagunda, ndipo ndisabise, ndinapepesa. Zaka zonsezo galimoto imeneyo sinandinamizepo, ine ndinali nditangoinamizira pamaso pa alendo.

Wachiwiri ankafuna kuidula kumbuyo kuti azinyamulira matabwa. Ameneyo ndinamutchulira mtengo wa magalimoto awiri ndi njinga yamoto. Anabwera ena, n'kupita. Mango anachita maluwa, anabereka, anatha. Katoni ija inasuluka ndi dzuwa. Akazi anga akandifunsa kuti ogula akuti chiyani, ndinkapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Dziko lauma, mayi. Anthu alibe ndalama." Iwo ankangoti, "Oo," n'kupitiriza kusankha nyemba. "Oo" ameneyo ndinayenera kumumvetsera bwino.

Lachinayi lina, dzuwa litakwera pang'ono, panafika njinga zitatu za kabaza pakhomo panga. Pa yoyamba panatsika mayi wina wamfupi, wachikulire, wa nsapato za pulasitiki, chitenje chake atachimanga cholimba m'chiuno. Ndinkawadziwa patali: ankagula nyemba m'midzi ya ku Molumbo n'kumadzagulitsa kuno ku vila, m'tauni mwathu muno. Anali mmodzi wa aja anakulira m'misasa ya othawa nkhondo ku Malawi n'kubwerera mtendere utabwera, atasenza mphika ndi mphasa basi. Pa njinga yachiwiri panatsika mkamwini wawo, amene ankadziwa kuyendetsa. Pa yachitatu panatsika mkulu wa mpingo wa kwawo, atavala jekete ngakhale kunkatentha. Anthu oyandikana nafe ataona jeketeyo anayamba kusendera mmodzimmodzi. Akazi anga anatulutsa mipando yambiri kuposa alendo.

Mayiwo sanamenye matayala. Sanatsegule n'komwe kutsogolo kuti aone injini. Anangoti, "Achimwene, tailizani." Ndinailiza. Anaima pambali pake atatsinzina, dzanja lili pa chitseko, ngati munthu womvetsera kwaya.

"Ndi yomweyo," anatero. "Simukundikumbuka, koma munanditengapo. Mvula ya Januwale, mwana wanga wamkazi atadwala pakati, mlatho wamitengo uja utakokoloka. Onse anakana, inu munavomera. Munandilipiritsa ngati ndakwera ndege."

Anthu anaseka. Ine ndinati, "Dizilo anali atakwera nthawi imeneyo, achemwali."

"Sindikudandaula. Tinafika. Mdzukulu amene anabadwa tsiku limenelo pano ali pa sukulu. Kwathu kuja timafuna galimoto yofika."

Ndinaona kuti apa pafunika bodza lalikulu. Ndinati imamwa oyilo. Anawerama, nayang'ana pansi pamene inkagona, nati, "Pouma ngati pa mphasa. Musachimwe pamaso pa akulu a mpingo." Ndinati zitsulo zake sizipezekanso. Mkamwini uja anati ku Limbe zadzaza. Ndinati ili ndi khalidwe, imafuna munthu woidziwa. Mayiwo anati, "Ndakhala ndi mwamuna zaka makumi atatu. Tchulani mtengo."

Ndinayang'ana anthu aja, ndinayang'ana galimoto, ndinakoka mpweya, n'kutchula mtengo wa magalimoto atatu. Wina kumbuyo analiza kaluzu. Ndinapinda manja kudikira kuti aseke, anyoze, atembenuke azipita.

"Ndatenga," anatero mayiwo, natambasula dzanja.

Pakhomo ponse nkhuku yokha ndiyo inkapalasa. Ndinayang'ana dzanjalo, laling'ono, lokhakhala ndi matumba a nyemba, litaima m'malere pakati pa ine ndi iwo.

"Achemwali," ndinatero, "simunamve bwino kapena. Ndati..."

"Ndamva. Ndatenga."

"Simutsitsako? Tsitsaniko pang'ono, tikambirane ngati anthu."

Apo ndiye anthu anafa nalo phwete. Mnzanga wina wogulitsa mbuzi anakhala pansi penipeni, misozi ili mbwe, akuti, "Abale, bwerani mudzaone! Wogulitsa akupempha wogula kuti atsitse!" Mkulu wa mpingo anakhosomola, nati, "Bambo, mwatchula ndinu, tamva tonse. Mayiwa avomera." Ndinayang'ana kwa akazi anga kuti mwina andipulumutse. Anali akuyang'ana m'mwamba mwa mango, mmene munalibe ngakhale bango limodzi.

Ndinapereka dzanja. Ndikanatani? Ndinali nditadzikumbira ndekha, n'kuyezanso kuya kwake.

Ndalama anabweretsa sabata yotsatira, zonse, ndipo monga mwa nthawi zonse ndinazipereka kwa akazi anga, poti pakhomo pathu wosunga ndi iwo. Tinapita ku maofesi kukasintha dzina pa livireti, buku la galimoto lija. Tsiku loitenga ndinaisambitsa komaliza. Ndinamuonetsa mkamwini uja timaloko ta ku mawilo, ndinamuuza kuti asamaikakamize giya wachiwiri ikadali yozizira, ndinamuuza zambiri zimene ankazidziwa kale, iye n'kumangoti, "Inde, bambo." Kenako ndinatsegula kumbuyo n'kutulutsa chingwe chokokera, chija ndinazulira nacho magalimoto a anthu ambiri m'matope. Kwathu kuno ukagulitsa mbuzi supereka ndi chingwe chomwe, ungapereke mwayi wa khola lonse. Ndinkaganiza kuti mayiwo atsutsa, kuti mwina tikanganeko pa kanthu kamodzi. Anangoti, "Chingwe sungani, achimwene. Mbuzi ndatenga."

Galimoto inatuluka pa mpanda mobwerera m'mbuyo, ikundiyang'ana. Maso angawa anaitaya isanafike pa mphambano, koma makutu anaiperekeza mpaka kuseri kwa msika.

Pansi pa mango panatsala timaenje tinayi pamene matayala ankaponda. Nkhuku zinatisandutsa mosambira fumbi. Loweruka loyamba ndinadzidzimuka nditaima pamenepo ndi ndowa ya madzi ndi kansanza, osadziwa kuti ndatunga nthawi yanji. Ndinathirira mango, mtengo woti sunapemphepo madzi kwa munthu. Chingwe chija ndinachipachika pa msomali pakhonde, ndipo chikadali pomwepo.

Chimene chinanditonthoza ndi pakamwa panga. Ku msika ndinkati, "Munaonapo munthu wogulitsa galimoto imodzi pa mtengo wa zitatu? Ndine. Mayi aja sanathe n'kutsegula pakamwa komwe." Ndinainena nkhaniyi miyezi ingapo, ikukulirakulira, mpaka ndinayamba kuikhulupirira.

Ndinadzamva zoona pa maliro ena ku Molumbo, kumene ndinapita pa shapa, minibasi yathu ija, nditapanikizidwa pakati pa thumba la ufa ndi mayi wa nkhuku. Tikudikira kuti a kumanda amalize, ndinakhala moyandikana ndi mkulu wa mpingo wa jekete uja. Pofuna kundisangalatsa anati, "Bambo, muli ndi mkazi wanzeru. Nkhani ya galimoto ija anaiyendetsa bwino."

Ndinati, "Nkhani iti?"

Anazindikira kuti waponda pofewa, koma munthu wa Mulungu sakanatha kubwerera ndi bodza. Anandiuza zonse. Akazi anga ndi mayi a nyemba aja ankakumana ku misonkhano ya amayi a mpingo. Kumeneko n'kumene galimoto yanga inagulitsidwa, ine ndili kunyumba ndikupukuta magalasi. Akazi anga anawauza kuti, "Adzakutchulirani mtengo wamisala kuti muthawe. Musatsitse, mukatsitsa mwalowa m'munda mwawo, simutulukamo. Mudzabwere ndi mboni, mudzavomere pamaso pa anthu, mudzawapatse dzanja. Zapamwambazo mudzabwereke kwa tsiku limodzi, ndidzakubwezerani ine mawa lake." Ndipo anabwezadi, atazikulunga m'chitenje, pa njinga ya kabaza, ine ndili ku msika ndikudzitama.

Nditafika kunyumba ndinawapeza akusenda chinangwa pakhonde, pansi pa chingwe chija.

"Mayi, ndamva."

"Mwachedwa kumva," anatero, osakweza mutu.

"Mwandichititsa manyazi pa Milange ponse."

"Amene akudziwa ndi anthu anayi. Enawo akudziwa zimene mumawauza inu." Anaika mpeni pansi. "Abambo, makiyi aja munkati mwasiya. Kawiri konse ndinakuonani mukuitulutsa ine nditapita kumunda, mukuti mukungoitembenuza. Tsiku lina mukanaitembenuza mpaka ku Molumbo. Wa makala uja analumpha. Wina sakanalumpha."

Zoona zake sikanali kawiri, kanali kanayi. Ndinakhala pansi. Patapita nthawi ndinafunsa chimene chinkandiwawa kwenikweni. "Nanga mtengo weniweniwo, munakambirana nthawi yaitali bwanji? Anayamba ndi zingati iwo?"

"Sitinakambirane. Ndinatchula woyenera, iwo anavomera. Tiyi anali asanazizire."

Zaka makumi anayi ndili pa ntchito imeneyi, ndipo galimoto yosamalidwa bwino kuposa zonse m'boma lino inagulitsidwa tiyi asanazizire, popanda ngakhale mmodzi wotembenuka kumapita. Pa zonse, chimenecho ndicho sindinawakhululukirebe.

Imabwera ku vila Lachinayi lililonse, itasenza nyemba. Ndimaidziwa isanakhote pa mphambano, poti injini yake ili ndi kamawu kena pansi kamene magalimoto atsopanowa alibe. Ndikaimva ndimasiya chimene ndikuchita. Kwa nthawi yaitali ndinkangoima pa mpanda. Koma mvula itayamba chaka chathachi, Lachinayi lina miyendo inanditengera ku msika, kumene mayi a nyemba aja ankapakira katundu wobwerera naye.

"Achemwali, muli ndi malo? Ndikufuna ndikafike ku Molumbo."

"Kukatani, achimwene?"

"Ndili ndi nkhani kumeneko."

Anandiyang'ana, ndipo ndikhulupirira kuti anaona kuti nkhaniyo kulibe. Ananditchulira mtengo wa ndege. Ndinaseka, ndinati galimoto yakale ngati imeneyi, yomwa oyilo, munthu angalipire zimenezo? Iwo anati dizilo wakwera. Ndinatchula wanga wochititsa manyazi. Anagwira pamtima natchula adzukulu awo. Ndinatembenuka kumapita. Ndinayenda mapazi khumi, khumi ndi awiri, khumi ndi asanu, kenako ndinamva, "Achimwene! Tabwerani, musatero." Tinakumana pakati, tonse tikudandaula kuti taberedwa. Sindinamve kukoma kotere chigulitsire galimotoyo.

Anandikhazika kutsogolo, iwo nakhala pakati. Nsalu za pa mipando zinali zomwe zija, zochapidwa. Pansi panalibe khoko la nzimbe ngakhale limodzi. Mkamwini uja amalowetsa giya wachitatu mochedwa, koma ndinadziletsa, ndinangomuuza kawiri. Titafika pa matope a patsidya pa mlatho anaima, nati atsegule chitseko. Ndinati, "Khala, mwana wanga." Ndinatsika ine. Matope anandilandira mpaka m'mawondo, ozizira, onunkhira ngati kale. Timaloko tija sindinkationa bwino, koma zala zinatipeza zokha, kumanja kenako kumanzere. Nditabwerera m'kati iye anakoka kagiya kakang'ono, galimoto n'kuyamba kubuula pansipansi. Ndinayang'ana kunja pa windo kuti mayiwo asaone nkhope yanga. Iwonso anapeza choyang'ana kutsogolo.

Ku Molumbo ndinamwa tiyi, ndinagona kwa msuweni wanga, n'kubwerera m'mawa pa shapa. Kuyambira pamenepo ndimapita kamodzi pamwezi, nthawi ya mvula kawiri. Ndalama yokwerera amandipatsa ndi akazi anga, kuchotsa pa zomwe zija za galimoto, ndipo amaiwerengera pa mtengo wa ndege, podziwa kuti ndikatsitsa ndithu n'kutsala ndi ya tiyi.

Ku msika ndikadanenabe kuti ndinagulitsa imodzi pa mtengo wa zitatu, ndipo anthu anayi aja sananditsutsepo. Mayi a nyemba ali ndi galimoto yofika. Akazi anga ali ndi mwamuna amene sanaphe munthu. Ine ndili ndi chingwe pa msomali, ndipo ndimalipira kuti ndikwere galimoto yanga, pa mpando umene si wa woyendetsa. Inu amene simunalipo pansi pa mango paja, tandiuzani mosakondera: pa malonda amenewa anapambana ndani?